Kusankha sikimu ya zachipatala ya makolo achikulire: zoyenera kuchita musanasaine fomu

Anthu amene makolo awo afika zaka za m'ma 60 amandifunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza: kodi mayi kapena bambo tiwalembetse pa sikimu iti ya zachipatala? Ena amafunsa ali ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ena ali ku Johannesburg kapena ku London kumene amatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi. Yankho lake silikwana mu uthenga wa pa WhatsApp, choncho ndalilemba pano kamodzi. Sinditchula sikimu yoposa zonse, chifukwa mitengo ndi malamulo a mabungwe monga MASM, MedHealth ndi ena zimasintha chaka ndi chaka. Chimene ndikupatseni ndi njira yoyezera sikimu iliyonse imene mwaikidwira patsogolo. Mfundo yaikulu ndi yakuti sikimu ya munthu wachikulire simuiyeza ndi ndalama imene mudzalipira pamwezi, koma ndi zimene idzalipire pa matenda amene makolo anu ali nawo kale ndi amene msinkhu wawo umabweretsa.

Pali mawu anayi amene mudzakumana nawo pa fomu ndi pakauntala ya chipatala, ndipo ndi bwino kuwadziwiratu. Pulimiyamu ndi ndalama imene mumapereka mwezi uliwonse kuti khadi la umembala likhale logwira ntchito. Shortfall ndi gawo la bilu limene sikimu sinalipire, limene chipatala chimafuna kuchokera m'thumba mwanu, nthawi zambiri wodwala asanatuluke. Limit ndi malire a ndalama zimene sikimu ingalipire pachaka, ndipo malirewa amagawidwa m'magulu: a mankhwala, a kugonekedwa, a maso, a mano ndi ena. Waiting period ndi nthawi imene mumakhala mukulipira koma simunaloledwe kugwiritsa ntchito khadi pa chithandizo china.

1. Lembani za umoyo wa makolo anu musanayang'ane sikimu iliyonse

Tengani kabuku ka kuchipatala ka mayi kapena bambo anu, pamodzi ndi timapepala ta mankhwala ndi malisiti amene asungidwa, ndipo mukhale nawo pansi eni akewo. Lembani papepala limodzi matenda onse amene dokotala anawapeza nawo, mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku ndi mtengo wake pamwezi, kangati amapita kukaonana ndi dokotala pachaka, ndiponso ngati anagonekedwapo kapena kuchitidwa opaleshoni m'zaka zapitazi. Kwa achikulire ambiri mndandandawu umakhala ndi BP, shuga, nyamakazi, ng'ala m'maso, ndipo kwa abambo vuto la prostate limene limachititsa kuti mkodzo uzivuta kutuluka. Mayina a mankhwala alembeni monga alili pa paketi, kaya ndi amlodipine, enalapril, metformin kapena insulin, chifukwa mudzafunika kufunsa sikimu za mankhwala amenewa limodzi ndi limodzi.

Samalani pofunsa. Makolo ambiri safuna kudandaulitsa ana awo, ndipo bambo sangauze mwana wake wamkazi mosavuta za vuto la mkodzo. Ngati mukuona kuti pali zimene sakunena, pemphani mchimwene wanu, amalume kapena dokotala amene amawaona kuti akambe nawo. Pepala losakwanira lidzasokoneza masitepe onse otsatira.

2. Ngati ali kale pa sikimu ya kuntchito, musalole kuti iduke

Ili ndi vuto limene limapweteka mabanja ambiri. Munthu amagwira ntchito zaka makumi atatu ali pa sikimu yolipiridwa ndi kampani, akapuma ntchito khadi limasiya kugwira, ndipo banja limati tidzaona ndalama za penshoni zikatuluka. Pakapita miyezi ingapo, akabwerera ku ofesi ya sikimu amapezeka kuti akuwerengedwa ngati membala watsopano: nthawi yodikira ikuyambiranso, matenda amene ankalipiridwa popanda funso tsopano akutchedwa matenda akale, ndipo mwina zaka zawo zadutsa malire olandirira anthu atsopano.

Choncho ngati makolo anu atsala pang'ono kupuma ntchito, pitani ku ofesi ya sikimu tsiku lopumalo lisanafike. Funsani ngati angapitirize umembala wawo polipira okha, ndi masiku angati amene amaperekedwa kuti asinthe popanda kutaya zaka zimene akhala membala. Yankho mulilandire polemba. Kwa munthu amene ali kale mkati, kupitiriza nthawi zambiri kumaposa kusamukira ku sikimu ina, ngakhale inayo ikuoneka yotchipa.

Ngati sanakhalepo pa sikimu, funso lanu loyamba kulikonse kumene mwapita likhale la zaka: kodi mumalandira membala watsopano mpaka zaka zingati, nanga pulimiyamu imakwera ndi msinkhu? Funsaninso ngati kholo lingalowe ngati wodalira inu pa sikimu yanu ya kuntchito, ndi chimene chidzachitike kwa iwo tsiku limene inu mudzasiye ntchitoyo.

3. Sonkhanitsani mapepala enieni, osati kapepala kotsatsa malonda

Ku bungwe lililonse limene mukuliganizira pemphani zinthu zitatu: tebulo lonse la zimene sikimu imalipira ndi malire ake a chaka chino, buku la malamulo a umembala limene lili ndi mndandanda wa zimene sizilipiridwa, ndi mndandanda wa zipatala ndi mafamase amene amalandira khadi lawo. Mabungwe amakhala ndi masikimu angapo osiyana mtengo, monga mmene MASM ilili ndi Econoplan, Executive ndi VIP, ndiye onetsetsani kuti tebulo limene mukuwerenga ndi la sikimu imene mukufunayo. Ngati bungwelo simukulidziwa bwino, funsani chiphaso chake ndipo mutsimikize ku ofesi imene inachipereka. Zimene wogulitsa wakuuzani pakamwa koma sizikupezeka m'mapepala muziwerenge ngati kulibe.

4. Werengani za nthawi yodikira, ndipo munene zoona pa fomu

Nthawi yodikira si imodzi. Pamakhala ya chithandizo wamba, ina yotalikirapo ya opaleshoni yokonzekera, magalasi kapena mano, ndiponso ina ya matenda amene munthu walowa nawo kale. Pa matenda akalewa mpamene muyenera kufunsa mosabisa mawu: kodi BP ndi shuga za mayi anga mudzayamba kulipira pakapita miyezi ingati, kapena simudzalipira konse? Ndipo funso lachiwiri, limene ambiri amaiwala: nanga matenda obwera chifukwa cha BP ndi shugayo, monga sitiroko, vuto la impso kapena chilonda cha phazi chosapola, mumawawerenga ngati matenda akale? Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti pa nthawi yonse yodikirayo sikimu sikuteteza makolo anu ku zinthu zimene zikuwaopseza kwambiri, ndipo muyenera kukhala ndi ndalama yapadera.

Polemba fomu, chiyeso chobisa matenda chimakhala chachikulu, ndipo nthawi zina wogulitsa wofuna komishoni ndi amene amanong'oneza kuti musalembe zonse. Musamvere. Tsiku limene bilu yaikulu idzafike, bungwe lidzapempha lipoti la dokotala, ndipo lipotilo lidzasonyeza kuti wodwalayu wakhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri. Pamenepo akhoza kukana kulipira, ngakhalenso kuthetsa umembala, ndipo mapulimiyamu onse amene munapereka adzakhala atapita pachabe. Fomu muilembe nokha pamodzi ndi makolo anu, ndipo musunge kope lake.

5. Yezani sikimu iliyonse ndi chaka chabwino ndi chaka choipa

Sitepe iyi ndi imene anthu ambiri amailumpha chifukwa imafuna cholembera ndi kudekha, koma ndi imene imapereka yankho. Muyenera kuwerengera ndalama zonse zimene banja lidzatulutse pachaka pansi pa sikimu iliyonse, osati pulimiyamu yokha, ndipo muwerengere kawiri: chaka chimene makolo angomwa mankhwala awo ndi kupita kusikelo ya BP, ndi chaka chimene agonekedwa.

Musanayambe, mvetsani chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale anthu ophunzira. Sikimu ikalemba kuti imalipira 100 peresenti, nthawi zambiri imatanthauza 100 peresenti ya mtengo umene iyo inakhazikitsa pa chithandizocho, osati ya mtengo umene chipatala chalipiritsa. Ngati dokotala katswiri alipiritsa K40,000 pomwe mtengo wa sikimu ndi K25,000, K15,000 yotsalayo ndi shortfall yanu ngakhale papepala palembedwa 100 peresenti. Choncho funsani nthawi zonse kuti peresenti imeneyi ndi ya mtengo wa yani.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, amene inu mudzawachotse n'kuikapo enieni. Mayi amamwa mankhwala a K45,000 pamwezi, kutanthauza K540,000 pachaka, ndipo amaonana ndi dokotala ndi kuyezetsa magazi kanayi pachaka pa K50,000 ulendo uliwonse, kutanthauza K200,000. Sikimu yoyamba ndi ya K60,000 pamwezi, kapena K720,000 pachaka. Pa mankhwala a matenda okhalitsa imalipira mpaka K200,000 basi, pa maulendo a kwa dokotala imalipira 80 peresenti, ndipo pa kugonekedwa malire ake ndi K1,500,000. Sikimu yachiwiri ndi ya K110,000 pamwezi, kapena K1,320,000 pachaka. Imalipira mankhwala onsewo, ndipo pa dokotala ndi pa kugonekedwa imalipira 90 peresenti ndi malire aakulu.

M'chaka chabwino, pa sikimu yoyamba mudzalipira pulimiyamu ya K720,000, mankhwala otsala a K340,000 ndi shortfall ya K40,000, zonse pamodzi K1,100,000. Pa yachiwiri mudzalipira K1,320,000 ndi shortfall ya K20,000, zonse pamodzi K1,340,000. Onani kuti mapulimiyamu amasiyana ndi K600,000, koma kusiyana kwenikweni kwatsika kufika pa K240,000. Tsopano onjezani kugonekedwa kumodzi kwa bilu ya K4,000,000. Pa sikimu yoyamba mudzaonjezera K2,500,000 ndipo chaka chidzakudyerani K3,600,000, pomwe pa yachiwiri mudzaonjezera K400,000 ndipo chidzakudyerani K1,740,000.

Pali mzere wachitatu umene muyenera kuulemba moona mtima, wa kusalowa sikimu iliyonse. M'chitsanzo chathu chaka chabwino chingadye K740,000 yokha, yochepa kuposa masikimu onse awiri, koma chaka choipa chingadye K4,740,000 ngati mwapita kuchipatala cholipira. Zipatala za boma monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central zimathandiza mwaulere, kupatula m'mawodi olipira, ndipo madokotala akatswiri ambiri ali komweko. Mavuto ake ndi mizere, kudikira opaleshoni ndi kusowa kwa mankhwala kumene kumakutumizani ku famase. Maganizo anga ndi akuti ngati sikimu imene mungakwanitse ili ndi malire ang'onoang'ono pa kugonekedwa ndiponso ikukana matenda akale, ndi bwino kuika ndalama yomweyo ku akaunti yapadera ya mankhwala n'kumadalira chipatala cha boma kapena cha mishoni pa zazikulu. Sikimu ili ndi phindu kwa wachikulire pokhapokha ngati ikunyamula chaka choipa.

Poyeza chaka choipacho, musangoyang'ana malire a kugonekedwa. Fufuzani mizere iyi m'tebulo umodzi ndi umodzi, chifukwa ndi imene imakhudza achikulire. Pa impso, funsani za dialysis, pokumbukira kuti wodwala amafunika kutsukidwa magazi kawiri kapena katatu pa sabata kwa nthawi yaitali, kotero malire ooneka aakulu akhoza kutha m'miyezi yochepa. Pa khansa, funsani ngati kuyeza, mankhwala ndi chithandizo cha radiotherapy (kupha khansa ndi cheza cha makina) zili pa malire amodzi kapena osiyana. Pa ng'ala, funsani ngati opaleshoni yake imatengedwa ku gawo la opaleshoni kapena ku gawo la maso, limene nthawi zambiri limakhala laling'ono poti analiikira magalasi. Ndi bwinonso kudziwa kuti opaleshoni imeneyi imachitika ku Nkhoma ndi kuzipatala za maso za Lions za ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pa kuthyoka kwa fupa la m'chiuno, kumene kumachitika kawirikawiri wachikulire akagwa, funsani ngati chitsulo choikidwa m'thupi chimalipiridwa, chifukwa nthawi zina opaleshoni imalipiridwa koma chitsulocho ayi. Pa sitiroko, funsani za sikani ya mutu, masiku a ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), ndi maulendo angati a mafizo amene amaloledwa wodwala akatuluka. Pomaliza funsani ngati malire ndi a munthu mmodzi kapena a banja lonse, pakuti ngati mayi ndi bambo akugawana malire amodzi, kudwala kwa mmodzi kumasiya mnzake poyera.

6. Tsimikizani kuti khadi lidzagwira ntchito kumene makolo amakhala

Mndandanda wa zipatala ukhoza kukhala ndi Mwaiwathu, Blantyre Adventist ndi Daeyang Luke, koma ngati makolo anu amakhala ku Ntchisi kapena ku Nsanje, chofunika ndi chipatala ndi famase zimene angafike pa minibasi kapena pa kabaza. Imbani foni ku ofesi ya ndalama ya chipatala chapafupicho, osati ku sikimu, ndipo mufunse ngati mwezi uno akulandira khadi limeneli, ngati amafuna dipoziti pogoneka wodwala wa khadi, ndi ngati wodwala amalipira kaye n'kukabwezeredwa pambuyo pake. Kulipira kaye n'kudikira kubwezeredwa ndi mtolo waukulu kwa munthu wodalira penshoni. Funsaninso ku sikimu kuti ndi chithandizo chiti chimene chimafuna chilolezo chisanachitike, ndi nambala yoimba usiku kapena Lamlungu, ndipo nambalayo muilembe m'kabuku ka kuchipatala kuti gadiyani aliyense aipeze.

7. Musatengeke ndi mawu akuti chithandizo cha kunja

Masikimu okwera mtengo amalonjeza kutumiza odwala ku India kapena ku South Africa, ndipo lonjezo limeneli ndi limene limakopa ana ambiri. Funsani kuti ndani amavomereza ulendowo, nthawi yodikira ndi yaitali bwanji, pali malire a zaka kapena ayi, ndiponso ngati tikiti ya ndege, malo ogona ndi gadiyani zili mkati. Funsaninso kuti malire ake alembedwa m'ndalama yanji. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo malire olembedwa m'makwacha amagula chithandizo chochepa cha kunja zoterezi zikachitika. Pa chifukwa chomwechi mapulimiyamu amakwera, choncho pemphani kuti akuonetseni mitengo ya zaka zitatu zapitazi kuti muone mmene yakhala ikukwerera.

8. Gwirizanani pabanja za wolipira, ndipo mulembe

Sikimu ya wachikulire ndi ngongole ya zaka zambiri, ndipo kuisiya pakati kumapweteka kuposa kusaiyamba, popeza pobwerera zaka zidzakhala zachuluka ndi matenda aonjezeka. Abale onse adziwe gawo lawo, munthu mmodzi akhale ndi udindo wolipira, ndipo ngati n'kotheka ndalama izichoka yokha ku banki tsiku lokhazikika kapena ilipiridwe ya miyezi ingapo pasadakhale. Funsani kuti khadi limaimitsidwa pakapita masiku angati osalipira, ndi kuti umembala umathetsedwa liti. Amene muli kunja musadalire kutumiza ndalama kwa wachibale kuti akalipire mwezi uliwonse popanda kuona lisiti. Maliro kapena fizi ya sukulu zikagwa pakati, ndalama ya sikimu ndi imene imabwerekedwa koyamba. Pambali pa pulimiyamu sungani ndalama ya shortfall, ya thiransipoti ndi ya chakudya cha gadiyani, zimene sikimu silipira.

Bilu ikakanidwa, pemphani chifukwa chake polemba pamodzi ndi ndime ya malamulo imene agwiritsa ntchito, ndipo mudandaule polemba ku bungwelo. Zikakanika, dandaulo likhoza kupita ku Competition and Fair Trading Commission, imene imaona za ufulu wa ogula.

9. Ngati makolo akukhala nanu ku South Africa

Kumeneko malamulo ndi osiyana, ndipo amachokera mu Medical Schemes Act ya 1998, imene imayang'aniridwa ndi Council for Medical Schemes. Sikimu yotsegukira aliyense siloledwa kukana munthu chifukwa cha zaka kapena matenda, koma ikhoza kuika nthawi yodikira ya miyezi 3 pa zonse ndi ya miyezi 12 pa matenda akale. Ikhozanso kuika chilango cha olowa mochedwa kwa munthu wa zaka 35 kapena kuposa amene sanakhale pa sikimu kwa zaka zokwanira: pulimiyamu imaonjezeredwa ndi 5, 25, 50 kapena 75 peresenti malinga ndi zaka zimene anakhala wopanda sikimu, ndipo chilangochi sichitha pakapita nthawi. Zaka zimene makolo anakhala pa sikimu ya ku Malawi siziwerengedwa, kotero kholo la zaka 65 lolowa koyamba liyembekezere gawo lapamwamba la 75 peresenti, ndipo muliike m'masamu a sitepe 5. Mbali yabwino ndi yakuti nthawi yodikira ikatha, sikimu iliyonse yolembetsedwa imakakamizidwa kulipira chithandizo cha matenda ena otchulidwa m'malamulo, chimene amachitcha Prescribed Minimum Benefits, ndipo BP, shuga ndi kulephera kwa impso zili pa mndandandawo, ngakhale kuti mungafunike kugwiritsa ntchito zipatala ndi mankhwala amene sikimu yasankha. Chenjerani ndi mapulani otchipa otchedwa health insurance kapena hospital cash plan, amene si masikimu olembetsedwa (medical scheme) ndipo alibe chitetezo chimenechi; musanalipire, yang'anani dzina la sikimuyo pa mndandanda wa masikimu olembetsedwa umene Council for Medical Schemes imasindikiza.